Nyimbo ndi magalasi a VR pa mkono wofooka ndi sitiroko: zimagwira ntchito bwanji?

M'mafoni mwathu mukuyenda timavidiyo toonetsa odwala sitiroko atavala kumaso chinthu chonga magalasi akuluakulu, otchedwa VR, oonetsa zithunzi za kompyuta, akutambasula mkono m'malere ngati akuthyola chipatso chomwe ife oonerera sitikuchiona. M'timavidiyo tina wodwala akuomba ng'oma zamagetsi, dokotala ali pambali. Pansi pake pamakhala mawu okopa, akuti mkono womwe unafa wadzuka chifukwa cha nyimbo ndi makina. Kuno ku Kasungu, komwe ambiri tili ndi kholo, mnansi kapena mnzathu wa kumpingo yemwe BP inamugwetsa, anthu agawikana. Ena akufunsa komwe makinawo angapezeke, ati ngakhale ndalama ya fodya wa chaka chino ithere pomwepo. Ena akuti ndi bodza la pa intaneti basi.

Njira ziwirizi zilipodi, ndipo akatswiri akhala akuzifufuza kwa zaka zoposa 20. Koma kuti timvetse pomwe mphamvu yake yathera, tiyambire mu ubongo, pakuti vuto la mkono wofookawo lagona kumeneko.

## Mkono uli bwino, chaduka ndi uthenga

Sitiroko imachitika magazi akasiya kufika mbali ina ya ubongo. Kawirikawiri mtsempha umatsekeka ndi magazi oundana, nthawi zina umaphulika n'kukhetsera magazi mkati. Malo omwe asowa magaziwo amayamba kufa m'mphindi zochepa. Ubongo wa kumanzere umalamulira thupi la kumanja, wa kumanja n'kumalamulira la kumanzere, n'chifukwa chake munthu amafooka mbali imodzi. Kumudzi ena amati wamenyedwa ndi hamala. Kuchipatala chomwe amapeza kawirikawiri ndi BP yomwe yakhala yokwera kwa zaka mwini wake osadziwa. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno, mmodzi anali ndi BP yokwera. Shuga, kusuta ndi HIV nazonso zimakulitsa chiopsezo.

Mafupa a mkonowo ndi athunthu, minofu ilipo. Chomwe chasowa ndi lamulo lochokera kumutu. Taganizani mlatho utakokoloka pa msewu wa M1. Magalimoto ali bwino, katundu alipo, tsidya linalo anthu akudikira, koma podutsa palibe. Kenako wina amapeza powolokera chakumtunda. Oyamba amadutsa movutikira, koma anthu akamadutsapo tsiku ndi tsiku kanjirako kamakula mpaka ngolo n'kumadutsa. Pomwe sipadutsa munthu pamamera udzu. Ubongo nawo umatero. Maselo omwe afa sabwerera, koma otsala amatha kulumikizana mwatsopano n'kutenga ntchito ya anzawo. Akatswiri amazitcha neuroplasticity, kutanthauza kuti ubongo umadzikonzanso molingana ndi ntchito yomwe ukupatsidwa.

Apa ndi pomwe mkono umaluzira. Mwendo umakakamizika kugwira ntchito chifukwa munthu sangapite kuchimbudzi ndi mwendo umodzi. Mkono uli ndi mnzake wouchitira zonse. Mayi yemwe wafooka dzanja lamanja amaphunzira msanga kudya ndi lamanzere, mwana wake amamumangira chitenje, mdzukulu amamubweretsera madzi, ndipo dzanja lodwala limangokhala pamiyendo, zala zitapindikira mkati. Onsewa akuchita mwachikondi. Koma ubongo umaphunzirapo kuti dzanjali silikufunikanso. Katswiri wa ku America, Edward Taub, ndiye anafotokoza bwino za kuphunzira kusagwiritsa ntchito chiwalo kotereku, ndipo njira yake yomwe inatchuka ndi yovalitsa dzanja labwino chophimba kwa maola angapo kuti lodwala likakamizike.

Nanga mkono uzibwereza kangati? Pa kafukufuku wa nyama, kusintha kwa ubongo kunkaoneka nyamazo zikabwereza ntchito imodzi ka 400 mpaka 600 pa tsiku. Mu 2009, Catherine Lang ndi anzake anakhala pansi n'kuwerenga zomwe zimachitika pa mafizo m'zipatala za ku America ndi Canada. Anapeza kuti pa ulendo umodzi wodwala ankabwereza ntchito ya mkono ka 32 basi. Kumeneko n'komwe madokotala a mafizo ndi ochuluka.

Tisawaimbe mlandu odwala. Kunyamula kapu apa, kuika apo, kubwezanso, mpaka ka 300, ndi dzanja lomwe silikumvera, n'kotopetsa ndipo kumagwetsa ulesi. Komanso pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse omwe adwala sitiroko amagwidwa ndi matenda okhumudwa. Nyimbo ndi VR zabwera kudzayankha funso limodzi: tingatani kuti munthu abwereze kambirimbiri, molondola, mtima usanathe?

## Nyimbo imalowa pati?

Aliyense yemwe anaimapo pabwalo la mganda akudziwa kuti ng'oma ikagunda phazi limayamba lokha. Makina ojambula ubongo anatsimikiza zimenezi. Munthu akamamvera kugunda kwa nyimbo, ngakhale atangokhala phee, mbali za ubongo zomwe zimakonza kayendedwe ka thupi zimayamba kugwira ntchito. Khutu ndi minofu zili paubale wapafupi.

M'zaka za m'ma 1990, Michael Thaut wa ku Colorado State University anayamba kugwiritsa ntchito ubalewu pa odwala sitiroko. Mfundo yake inali yakuti kugunda kobwerezabwereza kumauziratu ubongo nthawi yomwe kugunda kotsatira kubwere. Ubongo ukadziwiratu nthawiyo, umakonzekera mtunda ndi liwiro mkono usananyamuke. Wodwala wopanda chomutsogolera amatambasula mkono modukizadukiza, kuthamanga apa, kuima apo. Mu 2002 gulu la Thaut linaonetsa kuti odwala akamatambasula mkono motsatira kugunda, mkonowo unkayenda mosalala ndipo chigongono chinkatambasuka kwambiri. Komabe umboni wamphamvu wa njirayi uli pa kuyenda kwa miyendo. Wa mkono ndi wocheperapo.

Njira ina, yomwe ine ndimaiona yokoma kwambiri kuimvetsa, ndi yoti wodwalayo aziimba yekha chida. Ku Hannover m'dziko la Germany, Sabine Schneider, Eckart Altenmüller ndi anzawo anasindikiza zotsatira zawo mu 2007. Anayala ng'oma zamagetsi 8, iliyonse ndi liwu lakelake, kuti wodwala azitambasula phewa ndi chigongono poziomba. Wa zala zoyamba kumvera ankamuika pa kiyibodi. Ankayamba ndi liwu limodzi, kenako awiri, kenako atatu, mpaka kanyimbo kathunthu. Ankachita izi kwa mphindi 30, maulendo 15 m'milungu itatu, kuwonjezera pa mafizo a nthawi zonse. Omwe anaimba anapita patsogolo pa liwiro ndi kulondola kwa dzanja kuposa omwe analandira mafizo okha.

Chinsinsi chake chili m'khutu. Odwala ambiri sitiroko imawalandanso kumva komwe mkono wawo uli, moti akatsinzina sangakuuzeni ngati chigongono chapindika kapena ayi. Pa kiyibodi, chala chikaphonya, liwu lolakwika limamveka pomwepo. Chikachedwa, nyimbo imatsimphina. Palibe chifukwa chodikira wina kuti anene kuti mwalakwitsa, ubongo wamva kale ndipo ukukonza. Ndiyeno munthu amakhala ndi cholinga chomwe mtima wake ukuchifuna, kumaliza nyimbo. Kumva nyimbo yomwe umaikonda kumatulutsa mu ubongo mankhwala otchedwa dopamine, omwe amabweretsa chisangalalo komanso amathandiza kuti zomwe waphunzira zikhazikike.

Pano pali pofunika kuonetsetsa. Odwala a pa kafukufuku wa ku Germany uja omwe anaimba analandiranso nthawi yochulukirapo yogwiritsa ntchito mkono kuposa anzawo. Ku Barcelona, pa kafukufuku wa mu 2018, magulu awiri anapatsidwa nthawi yofanana, lina nyimbo, lina mafizo owonjezera. Onse anapita patsogolo mofanana pa mkono. Choncho nyimbo siinapose mafizo, koma siinatsalirenso.

Nanga kungomvera wailesi? Ku Helsinki m'dziko la Finland, Teppo Särkämö anagawa odwala 60 m'magulu atatu. Ena ankamvera nyimbo zodzisankhira okha tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, ena ankamvera nkhani zowerengedwa, ena analibe chomvera. Zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti a nyimbo ankakumbukira bwino mawu, ankatha kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo sankakhumudwa kwambiri. Izi n'zamtengo wapatali, koma si za mkono. Mkono sulimba ndi kumvera kokha.

Bungwe la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusonkhanitsa akafukufuku onse pa nkhani imodzi n'kuwaunika, mu 2017 linaona akafukufuku 29 a nyimbo okhudza anthu 775 ovulala ubongo. Linati nyimbo ingathandize kayendedwe, nthawi yomwe mkono umatenga pogwira ntchito, kulankhula ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, koma linachenjeza kuti akafukufuku ambiri anali aang'ono ndipo pakufunika ena olongosoka.

## VR ndi chiyani?

VR ndi chidule cha virtual reality, kutanthauza malo ongojambulidwa ndi kompyuta omwe munthu amaona ngati ali momwemo ndipo amasintha iye akasuntha. Ilipo ya mitundu iwiri. Ina ndi ya magalasi aja, omwe amatseka maso onse moti ukatembenuka umaona mbali ina ya malo ojambulidwawo. Ina ndi ya pa sikirini wamba, pomwe kamera kapena kachida kogwira m'manja kamatsatira mkono wako, monga zinalili ndi makina a magemu a Nintendo Wii ya mu 2006 ndi Kinect ya mu 2010. Akafukufuku ambiri akale anagwiritsa ntchito mtundu wachiwiriwu, osati magalasi omwe akutchuka m'mavidiyo.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Makina amaona pomwe dzanja lili n'kujambula dzanja lofanana nalo m'gemu. Wodwala amagwira timipira tomwe tikubwera, kapena kutola zipatso kuika m'dengu. Kompyuta imawerenga ulendo uliwonse osatopa. Ikaona kuti wayamba kukwanitsa, imasunthira chipatso patali pang'ono. Ikaona kuti akulephera, imachibweretsa pafupi kuti asataye mtima. Ikhozanso kukokomeza: dzanja likasuntha pang'ono, m'gemu limaoneka ngati lafika patali. Ofufuza a ku Barcelona anayesa zimenezi pofuna kuti wodwala ayambenso kulikhulupirira dzanja lomwe analisiya.

Magemu ena amaonetsa dzanja lodwala likuyenda pomwe lomwe likuyendadi ndi labwino. Nzeru imeneyi VR inabwereka kwa kalilole. Wodwala amakhala patebulo, kalilole ataimikidwa pakati pa mikono yake, dzanja lodwala litabisika kuseri. Akamafumbata ndi kutambasula dzanja labwino uku akuyang'ana pa kalilole, maso amauza ubongo kuti dzanja lodwala lija likuyenda, ndipo iye amayesetsa kuliyendetsadi kuseriko. V. S. Ramachandran anayamba njirayi m'ma 1990 pa anthu odulidwa mikono, ndipo mu 1999 inayesedwa pa sitiroko. Cochrane mu 2018 inaunika akafukufuku 62 okhudza anthu pafupifupi 2,000 n'kupeza kuti imathandizadi kayendedwe ka mkono ikawonjezedwa pa mafizo. Kalilole wotere amapezeka mumsika wa pa Kasungu boma.

## Umboni ukuti chiyani pa VR?

Mu 2017 Cochrane inasonkhanitsa akafukufuku 72 okhudza anthu 2,470. Inapeza kuti VR ikalowa m'malo mwa mafizo, nthawi ili yofanana, siiposa mafizo pa mkono. Koma ikawonjezedwa pamwamba pa mafizo, wodwala n'kukhala ndi nthawi yochuluka yogwiritsa ntchito mkono, phindu limaoneka. Pomwe anabwerezanso ntchitoyi mu 2025, akafukufuku anali atafika 190 ndi anthu oposa 7,000, ndipo VR inaoneka kuti ikuposako njira zina, koma pang'ono.

Kafukufuku yemwe ndikufuna aliyense amudziwe ndi wotchedwa EVREST, wotsogozedwa ndi Gustavo Saposnik, yemwe anatuluka mu 2016. Odwala 141 a ku Canada, Argentina, Peru ndi Thailand, onse akulandira mafizo, anagawidwa pawiri. Gulu lina linasewera Nintendo Wii kwa ola limodzi, maulendo 10 m'milungu iwiri. Gulu linalo, kwa nthawi yomweyo, linasewera makadi, bingo, mpira ndi gemu younjika timatabwa. Pamapeto pake mikono ya magulu onse awiri inapita patsogolo mofanana. Ochita kafukufukuwo anati masewero osavuta, otchipa ndi opezekeratu angathandize ngati makina. Okonda VR amayankha kuti Wii inapangidwira anthu abwinobwino, ndipo magemu opangidwira dala odwala sitiroko amachita bwino kuposa apo. Umboni wina ukugwirizana nawo.

## Ziwirizi zikaphatikizana

Zomwe zikuyesedwa tsopano ndi kusandutsa kuyenda kwa mkono kukhala phokoso la nyimbo. Timakina tomatidwa pa mkono, kapena makamera a m'magalasi, timatsatira dzanja. Mkono ukakwera, liwu limakwera. Ukayenda mosalala, nyimbo imamveka bwino, ukanjenjemera, nyimbo imaduka. Magemu ena amaika ng'oma kapena piyano patsogolo pa wodwala kuti aziomba m'malere motsatira kugunda. Maso akuona, khutu likumva, kompyuta ikuwerenga, zonse nthawi imodzi. Nzeru yake ndi yomveka, koma akafukufuku a njira yophatikizayi akadali aang'ono, ambiri a anthu makumi ochepa chabe.

Palinso chomwe magalasi sangapereke. Dzanja loomba ng'oma yeniyeni limamva chikopa, limamva kugwedezeka kwake. Dzanja loomba ng'oma ya m'gemu limangodutsa mumphepo. Chipande chili ndi kulemera kwake, mpini wa khasu uli ndi kukhakhala kwake, ndipo wosoka fodya amadalira nsonga za zala kumva tsamba kuti lisang'ambike. Kupambana m'gemu sikutanthauza kuti munthu ayamba kuomola nsima. N'chifukwa chake a mafizo amafuna kuti zomwe zaphunziridwa pa makina zikabwerezedwe pa ziwiya zenizeni.

Vuto lina ndi kuba njira. Wodwala wofunitsitsa kupambana amaweramitsa thupi lonse kutsogolo ndi kukweza phewa mpaka kukhutu, chigongono chili chopindika chomwecho. Chipatso chagwidwa, kompyuta yawerenga, koma mkono sunaphunzire kanthu. Ng'oma nayo ili ndi vuto lomweli ngati palibe womuyang'ana.

## Kwa ife a ku Kasungu

Madokotala a mafizo m'dziko muno ndi ochepa. Digiri ya ntchitoyi inayamba kuphunzitsidwa mu 2010 pa College of Medicine, yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma, ndipo malo otchuka ogonekera ofuna mafizo, a Kachere, ali ku Blantyre. Wodwala wa kwa Chulu, Santhe kapena Chamama kuti afike pa boma pamafunika thiransipoti ya anthu awiri, poti sangayende yekha. Maola ambiri a kuchira kwake amathera pakhonde, m'manja mwa abale.

Omwe akuona tsogolo mu VR amati ndi m'malo ngati ano momwe ingathandize kwambiri. Dokotala mmodzi angayang'anire odwala angapo nthawi imodzi, makina akuwerenga ndi kusunga zotsatira, ndipo magemu ena akutheka pa foni. Okayika amati magalasi amagulidwa madola mazana angapo, amafuna magetsi omwe midzi yambiri ilibe, akawonongeka wokonza ndi wosowa, ndipo magemu ambiri ali m'Chingerezi ndi zithunzi zachilendo kwa agogo a kwa Wimbe. Iwo amati ndalama yomweyo ikanagula mankhwala a BP ndi kuphunzitsa a mafizo ambiri. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo.

Ku nyimbo zida tili nazo kale: ng'oma, chisekese, maseche, kiyibodi ya kutchalitchi, ngakhale kuomba m'manja pa nyimbo ya amayi a Chigwirizano. Kungomupatsa wodwala ng'oma sikukwanira. Chomwe chimasandutsa kuimba kukhala mafizo ndi dongosolo. Dokotala wa mafizo aone kaye zomwe mkonowo ungathe, asankhe kayendedwe kofunika, kugunda kuyambe pang'onopang'ono molingana ndi liwiro la wodwalayo, ndipo ng'oma izisunthidwa patali mkono ukamamasuka. Wa zala zoyamba kugwira angathe kutola timiyala ta bawo, kusankha nyemba kapena kutong'ola chimanga motsatira nyimbo yomwe amaikonda.

## Zoyenera kusamala

Phewa la mbali yofooka limaguluka mosavuta chifukwa minofu yoligwira yafooka. Musamudzutse wodwala pomukoka mkono umenewo, ndipo musaukwezere pamwamba pa mutu mokakamiza. Ululu wolasa m'phewa ndi chizindikiro chosiyira. Magalasi a VR amachititsa ena chizungulire ndi nseru, choncho wodwala azikhala pampando, wina ali pafupi. Wa khunyu, wosaona bwino, kapena yemwe sitiroko yamuchititsa kusazindikira zinthu za mbali imodzi, ayambe waonedwa ndi dokotala. Palibe nyimbo kapena gemu yomwe ingalowe m'malo mwa mankhwala a BP ndi shuga. Nkhope ikapindikanso, mawu akayamba kusamveka, kapena kufooka kukawonjezeka mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Kuchira kumafulumira m'miyezi itatu yoyambirira, ndiye nthawi imeneyi isatayike podikira makina. Komanso yemwe watha chaka asaganize kuti khomo latsekeka. Ku chipatala cha Queen Square mumzinda wa London, odwala 224, ambiri atatha chaka ndi kuposerapo chidwalire, anapatsidwa mafizo a mkono a maola 90 m'milungu itatu, ndipo zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti anapita patsogolo. Si onse omwe amachira mofanana. Yemwe zala zake zayamba kutambasuka m'masiku oyambirira amakhala ndi mwayi waukulu kuposa yemwe dzanja lake silikugwedezeka konse.

Kaya mwasankha ng'oma, kalilole, bawo kapena magalasi, pezani njira yodziwira ngati zikuthandiza. Kuchipatala ali ndi muyeso woti wodwala asamutse timatabwa kuchoka mbali ina ya bokosi kupita inayo, kamodzikamodzi, n'kuwerenga tomwe wasamutsa pa mphindi imodzi. Kunyumba mungatenge mbale ziwiri ndi zitsekerero za mabotolo, kapena zitsononkho zoduladula ngati zala sizinayambe kutola tinthu ting'onoting'ono. Yesani kamodzi pa mlungu, tsiku lomwelo, wodwala atatsamira kumbuyo kwa mpando kuti thupi lisathandizire, ndipo nambalayo muilembe m'kope. Ngati yaima malo amodzi kwa mwezi, kapena phewa layamba kuwawa, tengani kopelo mukawaonetse a mafizo kuti asinthe zochita.